Kapu ya Makutu Awiri

Usiku uliwonse, doko la Valparaíso likayatsa nyali zake,
ndimaima pa sinki ndi kapu yako, Eleuterio.
Ndimayamba ndi chivundikiro: kupotokola pang'ono,
chimati thethe, ngati mawondo angawa.
Kenako kamphira ka m'mphepete,
kamene kamabisa tiyi wa dzulo ndi wa dzana
ukangokaiwala.
Ndinakaiwala kamodzi, mu Juni, nthawi ya chisanu.
Ndinapeza nkhungu yakuda itakhazikika m'menemo
ndipo ndinalira ngati ndakudyetsa chiphe.

Madzi akhale ofunda, osati obwadamuka.
Otentha kwambiri amapinditsa pulasitiki,
mawa lake tiyi yense pa malaya.
Kaburashi kowonda ngati mchira wa khoswe
kamalowa m'kampaipi, kutuluka, kulowanso,
ndiye ndimakaloza ku babu, diso limodzi nditatsinzina,
mpaka kuwala kudutse.

Zaka makumi anayi unkakonza mawotchi a eni ake
m'kasitolo kopanda zenera, kumunsi kwa phiri.
Zala zako zinkatola tizitsulo tochepa ngati mchenga.
Lero zala zomwezo zafumbata mphepo
ndipo zakana kuimasula.

Tsiku limene Ximena wa kuchipatala anaibweretsa
unaikankha ndi chigongono.
"Ya makanda iyo," unatero
ndi theka la pakamwa limene matenda anakusiyira.
Inagwa, inagubuduka mpaka pansi pa kabati.
Sinasweke. Sinataye ngakhale dontho.
Zimenezonso zinakukwiyitsa.

Masabata atatu ndinkakumwetsa ndine
ndi kapu yadongo ya pa ukwati wathu,
iwe maso kukhoma, ine kansalu pa chibwano chako.
Ludzu lako linkayendera wotchi yanga.
Komabe m'mawa uliwonse inayo ndinkaidzaza,
n'kuiika pa tebulo, osanena kanthu.

Lachiwiri lina ndikuchokera kumsika
chikepe cha paphiri chinafera pakati.
Ola lathunthu ndili lende pamwamba pa malata a anthu,
nsomba m'thumba, mtima uli kunyumba.
Nditafika ndinakupeza pa zenera,
dzanja lamanzere litalowa lonse m'khutu limodzi,
lamanja likungochirikiza linalo,
kapu ili theka.
Sunacheuke.
Unangoti, "Shuga wachepa."

Kuyambira pamenepo wasanduka woyang'anira ntchito yanga.
Umaipendeketsa, kumvetsera m'mene ibwererera.
"Anailemeretsa kunsi. Amene anaipangayu si wogona."
Ndiwe unamva chivundikiro chikupuma mpweya
ine ndisanaone dontho lililonse:
"Kamphira katha, Fresia. Ugule kena. Ugule tiwiri."
Belisario wa nyumba yoyandikana anabwera kudzaseka,
anachoka atalemba dzina la sitolo pa chikhatho,
ati vinyo wake wayamba kuthawira m'ndevu.

Sindikunamiza, masiku ena imanditopetsa.
Zidutswa zinayi pa chinthu chimodzi chomwera!
Ndimalakalaka kungotsukuluza, kuvundikira, kukagona.
Koma ndimaziyala pa thaulo chozondoka,
chilichonse pachokha, kuti ziume mpaka m'kati,
monga unkayalira matumbo a wotchi pa nsalu yobiriwira,
ukundikalipira ndikapumira pafupi.

M'mawa subwereka dzanja la munthu.
Umakokera thaulo kwa iwe ndi nkhonya,
kukanikiza kamphira ndi fupa la chala chachikulu.
Kamadumpha. Umatukwana. Umayambanso.
Ine manja ndimawatsekera m'thumba la epuloni
kuti asakuthandize.
Dzulo zinakutengera mphindi khumi ndi imodzi,
ndinawerenga pa wotchi ya kukhoma
imene unaikonza chaka chimene tinakumana.
Lero zisanu ndi zinayi.

Tiyi anali atazizira kale m'ketulo.
Ndinati ndimutenthetsenso.
Unakana, unati ndithire momwemo,
ndipo unakweza kapu ndi makutu ake onse awiri,
pang'onopang'ono,
sitima ya katundu ikulira kudoko.