Osayankha Wachiwiri

Dinisi, wokonza mafoni kuseri kwa msika wa Ulongwe,
anandiuza akupukuta galasi ndi malaya ake:
foni sidziwa munthu, bambo.
Nambala ndiyo imatsogola, ili buno bwamuswe,
kutsika pansanja ya paphiri apo
kulira kusanayambe.
Ikafika, foni imafwanthula m'kaundula wanu
n'kuiveka dzina limene munasoka nokha.
Ikasowa chovala imangoima pagalasi,
mlendo wopanda kalata.

Ndiye kuti ndinawabatiza ndine onsewa.
Dalaivala Moatize.
Mayi Matumba Anayi.
Zobue Tomato.
Wapolisi Wabwino. Wapolisi Winayo.
Ndi atatu amene ndinawapatsa dzina limodzi,
Osayankha,
n'kuwaika manambala ngati mbuzi za pamsika.

Mugolosale yanga ya mbewu ndi feteleza
galasi limeneli ndiye mlonda.
Likawala ndimadziwiratu mawu oti ndivale:
aulemu kwa wa kampani ya ku Tete,
otopa kwa wofuna ngongole mvula isanagwe.
Ikayamba ndi 265 ndi alamu a ku Dedza,
afuna kudziwa mtengo wa kachewere kuno.
Ikabisa nkhope, nambala yobisika,
ndimaisiya ilire mpaka itope,
pakuti wobwera ndi zabwino savala chigoba.
Ina inadzitcha ya kubanki chaka chatha,
inandidyera mametikali zikwi ziwiri
ndi mawu osalala ngati mafuta a nsatsi.

Lachinayi mng'ono wanga Gervaziyo
anabwera kudzandithandiza kutsitsa matumba.
Ndinamulera ndine ameneyu.
Fizi ya ku Domue ndinalipira ndine,
njinga yamoto akwerayo theka lake ndi langa,
ndipo sindilephera kumukumbutsa.

Titamaliza anagwira m'thumba, foni mulibe.
Achimwene, tayiimbirani.

Ndinaimba.
Inalira pansi pa thumba la yureya,
pafupi ndi phazi langa,
ndipo ndinawerama ndine.

Galasi losweka pakona, fumbi loyera,
nambala yanga yomwe,
itavala malaya amene anaisokera mwana wa mayi anga:

Osayankha 2.

Inalirabe m'dzanja langa.
Kudzanja lina ndinkadzimva ndikudikira
kuti wina andiyankhe.

Ndinapukuta fumbi ndi chala,
ndinadula, ndinamupatsa.
Anati zikomo, maso ali pamatumba.
Tinamwa tiyi. Tinakamba za mvula,
za msewu wa ku Tsangano umene wakumbikanso.

Usiku ndinatsegula kaundula wanga
kuwerenga anthu anga mmodzimmodzi.
Osayankha 1 ndi Felizibeto, tinakhala benchi imodzi kusukulu.
Osayankha 3, ndaiwala ndi nkhope yomwe.
Chala chinaima pamwamba pawo nthawi yaitali.

Sindinasinthe kalikonse.
Koma tulo sitinabwere,
ndipo chimene chinkandizunguza, ndinene zoona,
si dzinalo ayi.
Ndi nambalayo.
Pa zonse ndamuchitira Gervaziyo,
woyambayo ndi ndani?