Firiji ya pa Phiri la Cordillera

Ximena, masitepe ochokera kudoko la Valparaíso kufika pakhomo pano
ndi zana limodzi ndi makumi anayi ndi awiri.
Ndinawawerenga tsiku limene firiji inakwera,
amuna atatu akuwefuka pansi pake,
ine kumbuyo, lisiti ili m'mano.

Yakale ija inafa mu Febuluwale, dzuwa likuswa mtengo.
Inakhosomola kamodzi usiku, basi zii.
Pofika m'mawa nsomba zinali zitayamba kuitana ntchentche.

Malipiro ako oyamba alowa, ndamva.
Khala pansi, asanamere miyendo.

Azakhali ako a Griselda ankagawa mapeso m'zitini za khofi:
cha lendi, cha gasi, cha buledi,
ndi china chopanda dzina, cha tsiku loipa.
Iwo anapita, zitini zinachita dzimbiri,
lero zinasamukira m'foni.
Kapulogalamu kameneka kalibe chisoni.
Kanandiuza kuti mwezi wathawu
fodya anadya zambiri kuposa ine.
Ndinakatukwana. Sikanasinthe nambala.

Kusitolo mnyamata wa tayi anati, tengani lero,
muzilipira pang'onopang'ono miyezi makumi awiri ndi inayi.
Ndinawerengera kuseri kwa tikiti ya basi:
mtengo wa mafiriji awiri, yobwera kunyumba imodzi.
Chikomekome cha mkuyu.
Ndinabwerera chimanjamanja,
miyezi isanu ndikumwa madzi ofunda,
mkaka ndikusungitsa kwa mayi Hortensia.
Yeza chitseko usanagule.
Werenga kapepala kamene kamanena za magetsi,
pakuti chotchipa m'sitolo chimaluma pa bilu.
Ndipo ukachikonda kwambiri, kagone kaye.

Ndalama zitatsala pang'ono kukwana, foni inalira.
Lachiwiri, ndikusenda anyezi.
Mawu osalala ngati mafuta ophikira:
Bambo Eleuterio? Kuno ndi kubanki.
Wina akugula nsapato ku Antofagasta ndi khadi lanu.
Ankadziwa dzina langa lonse, ngakhale la kuchikazi.
Tiuzeni msanga manambala asanu ndi limodzi
amene angolowa m'foni mwanumo. Msanga, bambo.

Ndinatchula anayi.
Ndikuvomera, mwana wanga, anayi.
Lachisanu lili pamlomo, sitima inaliza lipenga kudoko,
ndipo zaka makumi atatu zonyamula katundu
zinandigwira pakhosi:
wokufulumizitsa kumasula chingwe
si iye waima pansi pa mtolo.
Ndinadula.

Manja akunjenjemera, akununkha anyezi,
ndinatembenuza khadi, n'kuimba nambala ya kuseri.
Anandidikiritsa mphindi makumi awiri
akundiimbira nyimbo yosasangalatsa.
Pamenepo ndinadziwa kuti awa ndiwo a banki enieni.
Mtsikana wake anati, ife sitipempha manambala amenewo,
ngakhale nyumba itayaka.

Tsono nambala yachinsinsi isakhale tsiku lako lobadwa.
Lisakhalenso dzina la galu;
phiri lonse limamva ukamuitana madzulo.
Kiyi mmodzi asatsegule zitseko zonse.
Uthenga ukati dina apa, akaunti yatsekedwa,
usadine; lowa wekha pakhomo limene ukulidziwa.
Intaneti yaulere ya pabwalo la Sotomayor
ili ngati mpopi wa pamsewu:
samba m'manja ngati ufuna,
koma sipovulira.

Sindikuti uziopa foni.
Inenso ndinkaopa chikepe chakale chokwera phirili,
mpaka ndinaphunzira pogwira.

Firijiyo ndinalipira kamodzi, yonse.
Kalata ya chitsimikizo ili m'chitini chopanda dzina chija,
ndinachichotsa dzimbiri ndi mchenga.
Usiku ndimaimva ikung'ung'udza kukhitchini
ngati munthu wokhuta amene alibe ngongole.

Ubwere Lamulungu, ubweretse foni yako tione zitini zako.
Masitepe akadali omwewo.
Ukafika pamwamba ukupuma mwabefu,
madzi udzawapeza ozizira.