Mpando wa Kumbuyo kwa Dalaivala

Atiitana tonse mu holo ya masewero,
aphunzitsi kutsogolo,
ife a mabasi ndi ophika cha kukhomo, komwe khofi wayamba kutha.
Kunja Ogasiti akuwotcha chigwa cha Yakima.
Utsi wa nkhalango zoyaka kumapiri
wasandutsa dzuwa kandalama kamkuwa.

Mayi Lindqvist, mkulu wa sukulu zonse zisanu ndi ziwiri za dera lino,
adina kabatani,
ndipo pachinsalu mzere wobiriwira wayamba kukwera chitunda.
"Ana a kalasi yachitatu odziwa kuwerenga bwino
anali makumi anayi ndi mmodzi pa zana lililonse.
Tsopano awonjezekera asanu ndi awiri."
Holo yonse m'manja phuphuphu.
Nane ndawomba, makiyi a basi akundilasa m'chikhatho.

Mmodzi mwa asanu ndi awiriwo ndikumudziwa.
Amakwera pa geti la munda wa maapozi wa a Dykstra
kusanayere bwino, tsitsi lili chinyowere.
Ndi Eliseo.
Amakhala kumbuyo kwanga kwenikweni
chifukwa kumapeto kwa basi amamulanda chipewa.
Mu Novembala anayamba kundiwerengera zikwangwani za mumsewu,
chilembo chimodzichimodzi, ngati munthu wotola singano pansi,
ndipo tikadutsa liwu lisanathe
ankamenya mpando wanga ndi bondo.
Ndinayamba kuponda buleki pa sitolo ya matayala,
pomwe chikwangwani chake n'chachitali.
Milungu itatu ndinafika mochedwa ndi mphindi zinayi.
Kalata yondichenjeza imene a Pruitt analemba
ikadali m'kabokosi ka basi, pansi pa magolovesi.

Mzere wa masamu wagona chogona,
sunakwere, sunatsike.
Aphunzitsi akutsogolo ayang'ana nsapato zawo.
Akuti chaka chino kubwera mabuku atsopano,
ndi ola lapadera Lachiwiri ndi Lachinayi,
ndi aphunzitsi awiri olankhula Chisipanishi,
ngati apezeka,
ngati nyumba ya lendi ipezeka yowasunga.

Kenako mzere wofiira. Kujomba.
Mwana mmodzi mwa asanu aliwonse
amasowa m'kalasi masiku osawerengeka ndi zala za manja.
"Ichi ndiye choyamba," akutero mayiwo, mawu atatsika,
"sitingaphunzitse mpando."

Ndikanakhala wolimba mtima ndikanakweza mkono.
Mipando imeneyo imayamba kusowa anthu m'basi mwanga.
Seputembala akafika, makwerero aima m'minda,
makolo achoka folo koloko ndi tochi pamphumi,
ndiye khanda asiyira yani?
Pa kanyumba kabuluu kuseri kwa ngalande
ndimaliza hutala kawiri.
Katani imagwedezeka.
Yaretzi, wa zaka khumi ndi chimodzi, amandibayibitsa ndi dzanja limodzi,
linalo lanyamula mlongo wake.
Lamulo limati ndidikire masekondi makumi atatu.
Ndimawerenga mwaulesi.

Sindinakweze mkono.
Koma potuluka ndinalemba nambala ya nyumbayo kuseri kwa pulogalamu
n'kupatsira mlangizi watsopano, Bambo Tsosie,
amene anaipinda bwinobwino n'kuika m'thumba la malaya,
osati la thalauza.
Mwina n'chizindikiro chabwino. Kaya.

Atigawira malaya olembedwa kuti tsiku lililonse ndi lofunika.
Anga ndi othina m'khwapa.

M'mawa wa lero ndayendetsa basi yopanda anthu
kuyesa njira sukulu isanatsegulidwe Lolemba.
Mipando makumi awiri ndi inayi ikununkha sopo.
Maapozi afiira kale mbali imodzi.
Pa sitolo ya matayala phazi laponda lokha buleki,
ndipo ndaona kuti asintha chikwangwani:
mawu atsopano, ataliatali, ena sindiwadziwa n'komwe.
Ndayang'ana kumbali msanga.
Ndimusiyira Eliseo.