Chitini cha Mkaka

Miyezi isanu ndi inayi ndikusenza simenti ku Matundo,
ndalama ndikuponya m'chitini cha mkaka.
Nditazikhuthula pabedi zinakwana mametikali
zikwi khumi ndi zisanu ndi zitatu.
Gildo anaseka mpaka kutsokomola:
imeneyo ena amagulira khadi lokha, m'bale wanga.

Tinang'amba pepala m'kope la Celestina
n'kuyamba kugawa mbuzi imodzi kwa anthu makumi atatu.
Purosesa yakale, mibadwo itatu m'mbuyo,
yotoledwa mu ofesi ina itatsekedwa.
Mazabodi yoti igwirizane nayo mano,
poti ukaphonya soketi udzalira wekha,
bambo uja wa ku Kwachena sabweza ndalama.
Remu tiwiri ta magiga asanu ndi atatu.
Tiwiri, anatero Gildo, osati kamodzi kakakulu:
mtondo umodzi, misi iwiri, mphale sichedwa.

Theka la chitini linathera pa khadi la zithunzi.
Linabwera pa basi kuchokera ku Beira
atalikulunga m'juzi la mwana,
fani yake imodzi ikulira ngati nkhululu.
Ndinaidontheza mafuta a makina osokera. Inakhala chete.

Bokosi logawa magetsi ndinaloza lotchipa.
Gildo analiyeza pachikhatho, n'kulibweza.
Lopepuka chonchi? Apa pokha usaumire.
Magetsi a kuno amachoka osatsanzika,
pobwera amathyola chitseko.
Ndinasiya tinyali tobiriwira tija,
ndinasiya kesi yagalasi imene ndinkailota,
ndinagula lolemera,
n'kuyenda wapansi kuwoloka mlatho.

Kesi tinapempha yadzimbiri kwa aphunzitsi a Chimphonda,
tinaiboola m'nthiti ndi msomali kuti izipuma.

Inayaka. Gemu inatseguka.
Koma munthu wanga akathamanga ankatsimphina,
mdani n'kundiwombera ndisanamuone.

Ndiye usiku wina wa Okutobala ndinalowa mu bayosi.
Kunja miyala inali isanazizire,
malata akuthetheka pamutu panga.
Ku Moatize mwezi umenewu ngakhale abuluzi amabisala,
ine ndikupempha kachitsulo kakang'ono ngati chikhadabo
kuti kawonjezere moto.

Kamodzikamodzi, anandiuza.
Kweza sitepe imodzi, yesa ola lathunthu, yang'ana madigiri.
Mavoliti usawakhudze ngati sipafunika,
ukawakhudza, ngati mchere wa m'phala la wodwala.
Atatu ndi theka anakhala atatu ndi zisanu ndi chimodzi.
Madigiri makumi asanu ndi awiri. Ndinalemba.
Inanso. Ndinalemba.
Magigahezi anayi, fani ikubangula koma zonse zili chilili.
Pamenepo dyera linandinong'oneza.
Ndinalumpha masitepe atatu.

Sikirini inasanduka yabuluu, kenako bii.
Ndinadina, ndinadinanso. Zii.
Matumba onse a simenti aja anabwerera pamsana.

Ndinaimbira Gildo pakati pa usiku.
Chotsa kabatire kozungulira kaja, anatero ali m'tulo,
werenga mpaka zana, bwezera, usandiimbirenso.
Ndinawerenga mpaka mazana awiri.
Italira kamodzi, piii, ndinakhala pansi pasimenti.

Ndinapala phala louma pa purosesa,
ndinapaka latsopano, kadontho ngati njere ya mapira,
ndinapemerera fumbi la malasha m'zipsepse zake,
n'kubwerera pa anayi. Pomwepo ndaima.
Masana ndimaitsitsanso, dzuwa la kuno silikambirana.

Amayi amaima pa mita n'kuwerenga mayunitsi mokweza.
Ndimagula a mametikali zana Loweruka lililonse, osayankha.

Tsopano ndimadzuka folo koloko, mpweya ukadali wofewa,
sitima ya malasha ikudutsa kuseri kwa nyumba.
Munthu wanga satsimphinanso.
Koma dzulo ndinapeza mpando wofunda kale:
Celestina, mwini kope uja, mahedifoni kumutu,
wadutsa pamene ine ndakhala ndikufera sabata yonse.
Osacheuka n'komwe anati,
achimwene, remu ija simungawonjezere?