Lachinayi la Mlaza

Lachinayi lija tinatseka makope teni isanakwane,
choko ndinasiya pawindo.
Kalata ya ku ofesi ya maphunziro inati
ana aziphunzira za makolo awo ndi manja,
osati kungoloweza ngati a e i o u.
Ndiye tinatuluka, sitandade sikisi yonse,
mitu makumi asanu ndi atatu mphambu zinayi,
kukadzaza mthunzi wa mango kuseri kwa ofesi.

Mphunzitsi wa tsikulo anali Abiti Saizi,
omwe aja ogulitsa zitumbuwa pageti,
amene theka la kalasi lili nawo ngongole.
Anafika atasenza mtolo wa mlaza,
foni yosweka galasi itamangidwa pansonga ya chitenje,
ndipo moni usanathe anandifunsa
ngati za alawansi zija zikuyenda.
Ndinayang'ana masamba a mango. Ana anaseka.

Mlaza sufuna phuma, anatero.
Umadula wanthete, wosatambasuka,
nkuuyanika, nkuung'amba ndi chikhadabo.
Ukauwaza timadzi umamvera,
ukauumiriza wouma umakuthyokera m'manja.
Uwu wofiira ndaphika ndekha mu utoto dzulo,
musaononge, utoto wakwera.

Twaibu, katswiri wathu wa masamu,
analuka chinthu chonga chisa chogwa ndi mwera.
Ine, mwana wa ku Dowa, wa tayi ndi satifiketi,
zala zinandisandukira zipukupuku za chimanga,
mlaza unandicheka pachala chamkombaphala.
Abiti anatembenuza ntchito yanga kawiri
nati, Aphunzitsi, bwerezani.
Mawu angawo, opanda inki yofiira.

Asiyatu anakhala kumbuyo kwenikweni,
manja atawabisa m'khwapa,
maso ali ku msewu wa Namwera
kumene akabaza ankalimbana ndi chitunda.
Nditamupatsa mlaza anati sadziwa.
Tonse tikudziwa kuti ndi mwana wa yani.
M'chimangirizo chake cha mwezi watha analemba
kuti adzakhala namwino ku chipatala cha boma,
wovala zoyera, wa zala zosalala.
Mayi ake sanamuyang'ane ndi kamodzi komwe.

Kenaka Sumani, wamng'ono pa onse,
anapiringiza wake mpaka milomo kunjenjemera.
Misozi ili pafupi, ndinangomva,
Bweretsa kuno, iwe!
Zala zija zinatuluka zokha m'khwapa,
ziwiri pamwamba, ziwiri pansi, pinda, koka,
wofiira uja kuyenda pakati pa woyera
ngati njira ya linthumbu mvula itakata.
Phokoso linafa pang'onopang'ono, kuyambira kumbuyo.
Atadzutsa mutu anapeza kalasi yonse itamuzinga.
Anaima.
Ndinawerenga mumtima mpaka pa zisanu ndi ziwiri.
Anapitiriza.

Abiti Saizi, akumanga mtolo wotsala,
anaponya mawu awiri atatu m'Chiyao
ngati akulankhula ndi mtengo.
Zaka zitatu ndili kuno ku Mangochi
koma Chiyao changa chimathera pa moni.
Ana anagwa nacho chikhakhali,
Asiyatu analuma mlomo kuti asaseke nawo,
ndipo palibe anavomera kunditanthauzira.

Madzulo ndinakhala ndi fomu ya ku ofesi.
Pali kabokosi kakuti, Zomwe ophunzira apindula,
kakang'ono ngati ka machesi.
Ndinatafuna cholembera nthawi yaitali
kenaka ndinalemba kuti, Kuluka.

Lamba wa mlaza uja tinamulumikiza,
ali pakhoma pambali pa mapu a dziko,
wokhotakhota, wina wonenepa, wina wowonda,
pena pali kadontho ka magazi anga.
Chapakati pali chigawo chowongoka ngati rula,
Sumani amauza alendo kuti ndi chake.

Alawansi ija mpaka lero siinabwere.
Pa buleki ndimagula zitumbuwa zinayi tsiku lililonse
ngakhale zimandipatsa chilungulira.
Abiti amalandira ndalama osawerenga,
nkuyang'ana chala changa chopola,
nkufunsa kuti, Mwabwereza?