Manda a m'Chipinda cha Makompyuta

Lachinayi lililonse belu likangolira
ana a Mayi Ostrander amalowa mothamanga,
nsapato zili matope ndi chipale chofewa,
ine ndili pakhomo ndi mopu wanga.
Ndinakolopa m'mawa. Ndikolopanso.

Aliyense amalandira ngolo yake pagalasi:
ng'ombe zinayi, matumba a ufa, zipolopolo,
gudumu lapadera kwa woganiza za mawa,
ndi ulendo wa miyezi isanu kulowera kumadzulo
woti uthe belu lina lisanalire.

Kuseri kwa zenera kuli North Platte weniweniyo,
wosaya, wamchenga, woyenda mwaulesi
kudutsa utsi wa fakitale ya shuga.
Palibe amasuzumirako.
Mtsinje wawo uli m'makina
ndipo umafunsa mwaulemu:
muwoloka, kapena mudikira madzi aphwe?
Mwana wa zaka zisanu ndi zinayi
kudikira sakudziwa.

Wendell anagula zipolopolo zokhazokha.
Anagwetsa njati khumi ndi ziwiri dzuwa lisanapendeke,
makina n'kumuuza kuti m'ngolo mukwana mwendo umodzi.
Anaseka mpaka kutsetsereka pampando.
Nyama yotsalayo inangozimirira,
yopanda ntchentche, yopanda fungo.

Apaulendo amawatcha mayina a anzawo.
"Corliss, wafa ndi kamwazi!"
Corliss ali mpando wachitatu, chingamu kukamwa:
"Ndiye undilembere zabwino pachiliza."
Amamulembera kuti ankakonda tchizi.
Maliro atha, adina batani,
ng'ombe zadzuka.

M'Baibulo lakale la kwathu,
tsamba loyamba, inki itasanduka yofiirira,
muli mzere umodzi:
Almira, masiku khumi ndi limodzi, pafupi ndi thanthwe.
Thanthwe liti, sanalembe.
Amati anayendetsa ngolo pamwamba pa kamandako
kuti mimbulu isanunkhize.
Ndimafuna kuwauza anawa,
koma ntchito yanga ndi pansi.

Sabata yatha Lorna Two Crow anakweza mkono.
Makina ankamufunsa kuti akhala ndani:
mlimi, wosula zitsulo, kapena mwini sitolo.
Iye anati, "Nanga amene anali kale kuno?"
Mayi Ostrander anavula magalasi,
kuwapukuta, kuwavalanso.
Anthu akwawo kwa Lorna alimo ndithu m'seweroli:
amatulukira kamodzi m'mbali mwa njira,
kuloza powolokera,
kulandira malaya awiri,
basi.

Lorna anasankha mlimi, poti n'kutero.
Anayenda mpaka pamtsinje woyamba
n'kudina batani lopumira.
Tsiku linadutsa. Anadinanso.
Anzake akukuwa m'mapiri, akuthyola magudumu,
akuikana m'manda,
iye phee, chibwano padzanja,
kudina, kudina,
ng'ombe zake zikunenepa ndi msipu.
Makina anamuchenjeza kuti dzinja layandikira.
"Ndikudziwa," anatero. "Timakhala konkuno."

Papepala la malikisi
panalibe bokosi la mwana amene sanapite.
Ndinaona cholembera cha aphunzitsi
chikuzungulira m'mwamba nthawi yaitali
ngati mphamba wosowa potera.

Madzulo zonse zimatsalira ine.
Ndimatola mapepala a maswiti,
kukankhira mipando m'malo mwake,
kenaka mzere ndi mzere kuzimitsa makina:
pano pagona Wendell, anamira;
pano Corliss kachiwiri;
pano wina wotchedwa Soseji.
Manda makumi awiri ndi atatu
amafufutika ndi chala chimodzi,
Lachinayi onse adzauka ndi njala.

Ya pakona ndinaipeza ikuyakabe.
Kangolo kaima m'mbali mwa madzi,
udzu ukugwedera uku ndi uku
monga anaupangira kuti uzigwedera,
ndipo funso likuphethira pansi pake:
mupitiriza ulendo?

Lamulo la sukulu limati pofika sikisi
chilichonse chikhale chozima.
Ndinakolopa mozungulira mpandowo,
ndinazimitsa nyali za kudenga,
n'kutseka chitseko pang'onopang'ono
kuti ng'ombe zisadzidzimuke.