Mphindi Ziwiri

Lachitatu lililonse masana, malata akuthetheka pamwamba pathu,
ndimaika timapepala topinda m'bokosi la choko.
Tola kamodzi, werenga, puma katatu,
ulankhule mphindi ziwiri. Basi.

Twaibu anatola "mlatho."
Mwana wowoloka Shire m'mawa uliwonse pa njinga
anayang'ana kudenga ngati mawu adawapachika kumeneko.
"Mlatho ndi chinthu... chimene... eee..."
Thukuta linayenda msanga kuposa lilime.
Anzake ankasekera m'manja,
kuiwala kuti bokosi likubwera kwa iwo.

Ndimawauza: yamba ndi chimene unaona ndi maso ako.
Mawu a m'buku usawasake, abwera okha akamva fungo la nkhani.
Ima ngati mwini malo, osati wothawa ngongole.
Ukasowa chonena khala chete pang'ono,
chete sanaphepo munthu.

Koma Asiyatu Mbwana, wa benchi yakumbuyo,
teremu yonse sanatulutse liwu.
Akatola pepala ankalipinda kawiri, katatu,
mpaka lisanduke kanjere m'dzanja.
M'kaundula wanga ndinalemba: wamanyazi.

Loweruka lina ndinamupeza pa depoti ya Mangochi,
beseni la mango pamutu, pawindo la minibasi ya ku Liwonde,
akutsutsana ndi bambo wa tayi za mtengo wa mulu.
Chiyao, Chichewa, kachingerezi pang'ono,
nthabwala, mwambi, kenaka chenji,
zonsezi injini isanalire.
Bambo uja anagula milu iwiri uku akuseka.
Ine ndinabisala kuseri kwa akabaza,
manyazi tsopano ali anga.

Lolemba ndinafufuta liwu lija
mpaka pepala linabooka.

Lero ana a Fomu 3 andichenjerera.
Timapepala alemba okha,
Jafali wagwedeza bokosi ngati chisekese:
"Sala, lero ndi inu."
Ndatola. Zilembo zopendekera kumanzere, ndazizindikira:
"N'chifukwa chiyani mumachita mantha ife tikakhala chete?"

Ndapuma katatu monga ndimaphunzitsira.
Ndayang'ana kudenga.
Kulibe kanthu kumeneko, Twaibu, pepa.
Wotchi ya pafoni ikudya masekondi anga,
maso makumi asanu ndi limodzi andizinga,
pakhosi pauma gwa.

Ndiye kuchokera kumbuyo kwenikweni
liwu la pa depoti lija, losanjenjemera,
ladutsa mabenchi onse n'kudzaima pamaso panga:
"Yambani ndi chimene munaona, sala."